Toyota 86 ndi Subaru BRZ: ndi galimoto imodzi ya mabaji awiri, kapena pali kusiyana kwenikweni?

Kondwani wa ku 25:
Akuluakulu apagulu pano, ndithandizeni maganizo. Ndakhala ndikuyang'ana magalimoto pa masamba a ogulitsa a ku Japan, ndipo maso anga agwera pa Toyota 86 ya 2013. Pafupi pake ndaona Subaru BRZ ya chaka chomwecho. Kuyang'ana m'mbali, kumbuyo, ngakhale m'kati, sindikuona chosiyana kupatula baji ndi bampa ya kutsogolo. Ndiye funso langa ndi lakuti, makampani awiri akapangira limodzi galimoto yamasewera ngati imeneyi, amasiyanitsa bwanji kuti aliyense anene kuti iyi ndi yanga? Kapena akungotigulitsa chinthu chimodzi pa mitengo iwiri?

Bambo a Tadala:
Kondwani mwana wanga, yamba watsegula boneti ya 86 yo. Pamwamba pa injini upezapo mayina onse awiri, Toyota ndi Subaru, atalembedwa poyera. Sabisa ayi. Magalimoto onsewa amatuluka pa fakitale imodzi ya Subaru ku Gunma ku Japan. Injini ndi ya Subaru, ija yogona chammbali imene amaitcha boxer, masilinda anayi, malita 2.0. Subaru amaitcha FA20, Toyota amaitcha 4U-GSE, koma chitsulo ndi chomwecho. Chimene Toyota inaikapo ndi njira yake yothirira petulo yotchedwa D-4S, yomwe imathira kawiri, mwachindunji mu silinda komanso m'njira ya mpweya. Ngakhale mabawuti a matayala ndi a dongosolo la Subaru, 5x100, kutanthauza mabawuti asanu pa mzere wozungulira wa 100 mm. Ife a sipanala tikaigwira timaigwira ngati Subaru basi.

Kondwani wa ku 25:
Ndiye kuti ndinaganiza bwino bambo? Ndi Subaru yovala baji ya Toyota?

Bambo a Tadala:
Ayi, usathamange. Ndangokuuza za chitsulo. Za mmene imayendera ndi nkhani ina.

Chikondi Jubeki:
Ndilowepo apa chifukwa zonse ziwiri ndinaziyendetsako pa bwalo la Zwartkops kufupi ndi Pretoria, za anzathu a kalabu. Achimwene Kondwani, pa msewu wowongoka simungazisiyanitse ngakhale pang'ono. Mphamvu ndi imodzi, 200 PS (muyezo wa mphamvu ya injini), ndipo zonse zili ndi vuto lomwe lija loti injini imakhala ngati yafooka pakati, cha m'ma 4000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi), kenaka n'kudzukanso. Kusiyana kumabwera mukafika pa kona. Toyota anafewetsa masipuling'i a kutsogolo n'kulimbitsa a kumbuyo. Subaru anachita mosemphana, kutsogolo kolimba, kumbuyo kofewerapo. Zotsatira zake, 86 ukangoponda moto uli pakati pa kona, kumbuyo kumafuna kutuluka, galimoto imayamba kuterereka chammbali ndipo umaigwira ndi chiwongolero. BRZ imakhazikika, imatsata mzere umene waisankhira. Si kusiyana kwakukulu koti mlendo angakuone pa ulendo wopita ku sitolo, koma munthu amene amakonda kuyendetsa amakumva m'chiuno.

Ndipo izi sizinangochitika. Toyota ankafuna kukumbutsa anthu AE86, Corolla ya 1983 mpaka 1987 ija imene inatchuka ndi anyamata otereretsa magalimoto m'mapiri a ku Japan. N'kumene kunachokera dzina la 86. Subaru mbiri yawo ndi ya magalimoto ogwira msewu, ndiye sakanalola kuti yawo izivinavina kumbuyo.

Mayi Nabanda (Leeds):
Zimene mwanena a Chikondi ndi zoona, koma ine ndikuona kuti pa mbadwo woyamba wa magalimotowa, umene a Kondwani akuyang'anawu, makampaniwa analephera. Kusintha masipuling'i ndi bampa sikokwanira. Kuno anthu ankangozitcha zonse "Toyobaru", ndipo ambiri ankagula malinga ndi wogulitsa amene ali pafupi kapena amene akupereka chitsimikizo cha zaka zambiri. Toyota ili ndi malo ogulitsira ochuluka kuposa Subaru, ndiye GT86, monga ankaitchulira ku Ulaya kuno, ndi imene inkaoneka m'misewu. BRZ kuiona kunali mwa apo ndi apo. Ngati wogula akusankha chifukwa cha mtunda wopita ku galaja, ndiye kuti galimotoyo payokha sinamuuze kanthu.

Madalitso wa ku Songwe:
Mayi, koma tisaiwale chifukwa chimene anagwirizanirana. Galimoto ya zitseko ziwiri, yotsika, yoyendera matayala a kumbuyo, ogula ake ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi Corolla kapena Hilux. Kuipanga kuchokera pansi kumafuna ndalama zomwezo ngati galimoto ina iliyonse, zikombole zosindikizira malata, kuyesa ngozi, zonsezo. Kampani imodzi payokha siingabweze ndalamazo. Toyota inagula gawo la kampani ya Fuji Heavy Industries, eni ake a Subaru panthawiyo, mu 2005 pamene General Motors inkatulukamo, 8.7 peresenti. Mu 2008 inakweza kufika 16.5 peresenti, ndipo chaka chomwecho analengeza kuti apangira limodzi galimoto imeneyi. Inatuluka mu 2012. Ndiye mukanena kuti akanasintha zitseko, denga, magalasi, mukunena kuti akanawononga phindu lonse la mgwirizanowo. Chilichonse chimene chasiyana ndi chikombole chinanso, ndi ndalama inanso.

Mayi Nabanda (Leeds):
Ndikumva achimwene. Koma onani zimene Toyota yomweyo inachita ndi BMW. Toyota Supra ya 2019 ndi BMW Z4 zinatuluka pa fakitale imodzi ya Magna Steyr ku Graz ku Austria. Injini imodzi, B58 ya BMW ya malita 3.0, masilinda asanu ndi imodzi ondondozana. Giyabokosi imodzi ya ZF ya magiya 8. Koma palibe mwana amene angazisokoneze pa msewu. Supra ili ndi denga lachitsulo, Z4 ili ndi denga lansalu lotsegula. Thupi lonse ndi losiyana. Wogula Z4 akufuna kuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa nyanja dzuwa likuwala, wogula Supra akufuna bwalo la mpikisano. Anagawana ogula asanayambe n'kujambula komwe. Kumeneko ndiye kusiyanitsa.

Chikondi Jubeki:
Apo Mayi mwakhudza bala. Supra imeneyo inatukwanidwa kuposa 86. Anthu amene anakula akulambira Supra yakale ya injini ya 2JZ, imene inasiya kupangidwa mu 2002, atatsegula chitseko anapeza zonse za m'kati ndi za BMW. Ndodo ya giya, mabatani, kompyuta ya iDrive, ngakhale kulira kwa belu lokumbutsa lamba. Kunja inali Toyota, koma pamene munthu amakhala ndi kugwira tsiku ndi tsiku panali pa BMW. Ndiye kusiyanitsa thupi kokha nakonso sikunathetse mkangano.

Bambo a Tadala:
Mkangano umenewo ine ndimaumva mbali zonse. Toyota panthawiyo inalibenso injini ya petulo ya masilinda asanu ndi imodzi ondondozana, ndipo Supra yopanda injini yotero si Supra. Injiniya wamkulu, a Tetsuya Tada, omwenso anatsogolera 86, anali ndi njira ziwiri: kupita kwa BMW kapena kusiya dzinalo ligone. Kumanga fakitale ya injini yatsopano chifukwa cha galimoto imodzi yogula anthu ochepa, palibe bwana wa ndalama amene akanasainira. Chimene ndimawayamikira n'chakuti atagwirizana ndi BMW pa maziko, monga kutalikirana kwa matayala, aliyense anapita kukakonza yake payekha. Mukudziwa kuti Supra mtunda wa pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo ndi 2470 mm, kufupikirapo ndi 100 mm kuposa 86? Galimoto yamphamvu kwambiri koma yaifupi pakati pa matayala kuposa mng'ono wake. Anachita dala kuti izikhota msanga.

Kondwani wa ku 25:
Ndikuphunzira zambiri. Koma Mayi Nabanda, mwanena kuti "pa mbadwo woyamba" analephera. Ndiye kuti pa wachiwiri anakonza?

Mayi Nabanda (Leeds):
Anayesetsa, ndipo a Chikondi afotokoza bwino za pansi pa galimoto kuposa ine. Chimene ndinganene n'chakuti kuno ku Britain nkhani yosankha inatheratu, chifukwa BRZ yatsopano sinabwere n'komwe. GR86 yokha, dzina la 86 yatsopano, ndi imene inafika mu 2022, ndipo zonse zimene anagawira dziko lino zinatha pa mphindi 90 atangotsegula kugulitsa. Anadziwiratu kuti aigulitsa zaka ziwiri zokha ku Ulaya chifukwa cha malamulo atsopano a chitetezo a 2024. Njira ina yosiyanitsira ndi imeneyonso, kugawana misika, kuti musamalimbirane wogula mmodzi.

Chikondi Jubeki:
Mbadwo wachiwiri ndi umene ine ndimaupatsa ulemu, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa yankho la funso la a Kondwani lili pamenepa.

Injini anaikweza kufika malita 2.4, FA24, 235 PS ku Japan, ndipo mphamvu yokoka inafika 250 Nm pa 3700 rpm, kotero kufooka kwa pakati kuja kunachepa kwambiri. Imeneyo ndi ya onse awiri. Denga la aluminiyamu, la onse awiri. Koma tsopano kusiyana sikunathere pa masipuling'i. Chitsulo chija chimene chimagwira tayala la kutsogolo, chimene amakaniko amati nakulo, pa BRZ ndi cha aluminiyamu, pa GR86 ndi chachitsulo chosungunula. Aluminiyamu ndi yopepuka, tayala limatsata mabampu mosavuta. Chitsulo n'cholemera koma chimabweretsa kumva kwina m'manja. Sitabilaiza ya kumbuyo, chitsulo chochepetsa kupendama kwa galimoto pa kona, Subaru anaimangirira ku thupi la galimoto lenilenilo, Toyota anaisiya pa felemu yaing'ono yonyamula matayala monga zinalili kale. Ndiyeno kompyuta ya injini anaikonza mosiyana. Pa GR86 ukangoponda moto pang'ono galimoto imalumpha, pa BRZ mphamvu imabwera motsatana ndi mmene phazi likutsikira. Chiwongolero cha magetsi nachonso aliyense anachikonza mwake.

Taonani zimene anachita. Zonse zodula, injini, giyabokosi, thupi, anagawana. Zimene anasiyanitsa ndi tizinthu tating'ono totsika mtengo koma timene timakhudza manja, phazi ndi msana wa woyendetsa. Ufa ndi wa chigayo chimodzi, koma amene wagwira mthiko ndi amene amachititsa kuti nsima ikhale yolimba kapena yofewa, ndipo wakudya amadziwa. Kwa ine galimoto yamasewera imagulidwa chifukwa cha kumva kumeneko, osati chifukwa cha maonekedwe a bampa. Ndiye ngati uli ndi ndalama zochepa zosiyanitsira, uziike pamenepo.

Madalitso wa ku Songwe:
Ndikuvomereza, ndipo onjezani kuti sanazitulutse tsiku limodzi. Ku Japan BRZ yatsopano inayamba kugulitsidwa mu Julayi 2021, GR86 mu Okotobala. Komanso Toyota inasintha dzina n'kuiika pansi pa Gazoo Racing, nthambi yake ya magalimoto amasewera, pamodzi ndi GR Supra ndi GR Yaris. Subaru ili ndi nthambi yawo yotero, STI, imene imatulutsa BRZ tS yokhala ndi mabuleki a Brembo ndi mashoko ena. Aliyense akuikokera ku banja lake.

Mayi Nabanda (Leeds):
A Chikondi, ndikufunseni moona mtima. Mwa anthu khumi ogula galimotoyi, ndi angati amene angamve kusiyana kwa nakulo ya aluminiyamu ndi yachitsulo? Inu mumapita ku bwalo. Ambiri amapita ku ntchito. Ine ndimaonabe kuti njira ya Mazda ndi Fiat inali yomveka kwa munthu wamba. MX-5 ndi 124 Spider ya 2016 zonse zinkapangidwa ku Hiroshima, koma Fiat inatumiza injini yakeyake kuchokera ku Italy, ya malita 1.4 ya turbo, pamene Mazda inakhalabe ndi yake yopanda turbo. Kutsogolo ndi kumbuyo anajambula mwina, Fiat inatalikirapo. Ukaliza injini, ukaponda moto, aliyense amamva kuti izi ndi ziwiri. Sipafunika kukhala katswiri.

Chikondi Jubeki:
Zoona Mayi, koma 124 Spider ili kuti lero? Inangokhala zaka zochepa, pofika 2020 inali itasiyidwa, MX-5 ikupitirira. Anasiyanitsa kwambiri, inde, koma anthu ankaitchabe "Fiata", ndipo ofuna Mazda anagula Mazda. Pamene 86 ndi BRZ, zofanana choncho, zafika mbadwo wachiwiri ndipo zadutsa zaka khumi.

Mayi Nabanda (Leeds):
Kufa kwa 124 sikunali chifukwa cha kusiyanitsa. Fiat inali ndi mavuto ake ena, ndipo msika wa magalimoto otsegula denga ndi waung'ono kuposanso wa awa. Musasakanize ziwirizi.

Bambo a Tadala:
Ana anga, nonse mukunena zoona koma mukuyang'ana malo osiyana. Ine ndikufuna ndinene za Subaru, chifukwa pa ukwati umenewu amene anataya zambiri ndi iwo. Kampani imeneyi dzina lake lonse inalimanga pa magalimoto okoka ndi matayala onse anayi, Legacy, Forester, Impreza ya mipikisano ya m'tchire ija. Ndiye kubwera munthu n'kuwauza kuti pangani galimoto yokoka kumbuyo kokha, poyamba anakana. Anadzavomera ataona ndi kuyendetsa galimoto yoyeserera. Dzina lomwelo la BRZ likunena poyera, B ndi boxer, R ndi kukoka kumbuyo, Z ndi Zenith. Ndipo kuchotsa zokokera kutsogolo n'kumene kunalola kuti injini itsike pansi ndi kubwerera m'mbuyo, kulemera kwa galimoto kukhale pafupi ndi nthaka.

Tsono pali anthu amene amati Subaru akanaika turbo ya WRX, galimoto yawo ina yamasewera, mu BRZ kuti isiyane ndi Toyota. Ndimawamvetsa, koma taganizani. Turbo imafuna malo, imafuna choziziritsira mpweya, imawonjezera kulemera kutsogolo, imafuna giyabokosi ndi mabuleki olimbirapo. Mtengo ukwera. Ndiyenso BRZ yotero ikanayamba kudya ogula a WRX yawo yomwe, ndipo 86 yotero ikanadya ogula a Supra ya malita 2.0. Kampani ikamasiyanitsa galimoto ndi ya mnzake, imayang'ananso kuti isaphe mwana wake wa m'nyumba.

Kondwani wa ku 25:
Apa ndiye mwanditsegula maso bambo. Sindinaganizepo kuti mpikisano uli m'nyumba momwemo.

Madalitso wa ku Songwe:
Ndibwere ku zathu tsopano, chifukwa a Kondwani akufuna kugula, sakulemba mayeso. Za ku Japan zimabwera ndi chiwongolero kumanja, ndiye pamenepo palibe vuto. Zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe ngati zina zonse. Chimene muyenera kuganizira ndi kutsika kwake. Pansi pa galimotoyi ndi nthaka pali 130 mm basi. Mabampu a m'tauni ndi maenje a nyengo ya mvula, bampa ya kutsogolo imakhula. Ndipo pa misewu yotere kusiyana kumene akunena a Chikondi kumagwira ntchito mwina. Kumbuyo kofewerapo kwa BRZ kungakupepukireni msana kuposa kwa 86.

Koma pa kugulitsanso, baji ya Toyota kuno ndi ndalama. Munthu akamva Toyota mtima umakhala pansi, akamva Subaru amayamba kufunsa za mafuta ndi masipeya, chonsecho pansi pa boneti ndi chinthu chimodzi.

Bambo a Tadala:
Pamenepo mpamene ndimachenjeza anthu. Usagule 86 poganiza kuti masipeya ake ndi a Corolla opezeka pa kauntala iliyonse. Fyuluta ya oyilo, mapulagi, mabeling'i, zambiri ndi za Subaru. Mapulagi pa injini yogona ali m'mbali, pafupi ndi felemu, ndipo kuwasintha pamafunika kuikweza injini pang'ono. Si ntchito ya pansi pa mtengo. Injiniyi imapanikiza kwambiri, 12.5 kwa 1, ndiye imafuna petulo wabwino ndi oyilo wopyapyala amene analembedwa m'buku lake, osati wongotunga m'chigubu. Upeze makaniko amene anagwirapo Forester kapena Impreza, ameneyo sadzadabwa nayo.

Ubwino wake ndi womwewonso. Ukasowa chitsulo cha 86, funsa cha BRZ. Cha ku America cha Scion FR-S, dzina limene Toyota inkagwiritsa ntchito kumeneko mpaka 2016, nachonso chimalowa pa zambiri. Mayina atatu, shelefu imodzi.

Chikondi Jubeki:
Ndipo matayala, achimwene. Mbadwo woyamba unkabwera ndi Michelin Primacy, 215/45 R17, mtundu womwe unkaikidwanso pa Prius. Anachita dala kuti galimoto iziterereka pa liwiro lochepa, munthu aphunzire kuigwira asanafike pa liwiro loopsa. Ambiri akangogula amaika matayala onenepa ogwira kwambiri, ena amasinthanso masipuling'i kuti itsike. Mukatero kusiyana konse kwa 86 ndi BRZ kumene takambiranaku mwakufafaniza. Ndiye pogula yakale, funsani zithunzi za pansi. Zambiri za ku Japan zinaseweredwa kale ndi eni ake oyamba.

Mayi Nabanda (Leeds):
Mfundo imeneyo ikundithandiza ine a Chikondi. Ngati kusiyana kungathe ndi kusintha masipuling'i anayi pa Loweruka limodzi, kunali kozama bwanji? Denga la Supra simungalisinthe pa Loweruka.

Chikondi Jubeki:
Pa mbadwo woyamba ndikugonjerani Mayi. Pa wachiwiri ayi, chifukwa pomangirira sitabilaiza ndi pa thupi, nakulo ndi ina, kompyuta ndi ina. Pamenepo pafunika zambiri kuposa Loweruka.

Kondwani wa ku 25:
Zikomo nonse. Thumba langa likufika pa mbadwo woyamba basi. Mwa ziwiri zimene ndaona, BRZ ndi ya giya ya pamanja, yayenda pang'ono, ndipo pa zithunzi ikuoneka kuti sinasinthidwe. 86 ndi ya otomatiki ndipo yatsitsidwa. Bambo a Tadala, mukanakhala inu?

Bambo a Tadala:
Tenga ya pamanja yosasinthidwayo. Uwauze akutumizire pepala la okushoni ndi nambala ya chasisi tione chaka chake chenicheni, chifukwa zina za 2012 ndi 2013 zinaitanidwanso ku Japan kuti akasinthe masipuling'i a mavavu. Tifufuze ngati imeneyo inakonzedwa usanalipire kalikonse.

Madalitso wa ku Songwe:
Ndipo musanatumize ndalama muwerengeretu msonkho wa MRA pa galimoto ya zaka zimenezo ndi injini ya 2.0. Nditumizireni nambalayo ku inbox, mawa ndili pa ofesi.